Ndekha m'Mudzi wa Makabini

Chaka chimene kolona inalowa ku Doha ndinali dalaivala pa kampani ina yomangamanga. Ndinkagona ku Umm Ghuwailina, m'chipinda cha mabedi osanjikizana, momwe ukangotembenuka bedi lonse limalira ndipo wa pamwamba amakudzudzula m'chilankhulo chake. Ena m'chipindamo anali Amalawi anzanga, alonda a m'nyumba zitalizitali za ku Al Dafna. Ena anali a ku Uganda ndi ku Nepal. Phokoso silinkatha: wina ali pa foni, wina akukazinga anyezi pakhonde, wina akusakasaka sokosi yake.

Ntchito yanga inali yoyendetsa mayi wina wa ku Philippines, injiniya wa za madzi ndi magetsi. Ndinkawatchula kuti madamu. Anali mayi wamfupi, imvi zitangoyamba kutuluka, wosakonda zolankhulalankhula. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ina yaikulu ku Al Messila. Ndikafika pa geti m'mamawa, ankalowa kumbuyo kwa galimoto n'kungoti, "Yalla," liwu la Chiarabu limene aliyense kumeneko amatola, kutanthauza kuti tiyeni. Kenako ankatsegula kompyuta pamiyendo, basi. Pakati pa mpando wanga ndi wawo kampani inali itapachika pepala lokhuthala lapulasitiki, ndiye ndikayang'ana pagalasi ndinkawaona ngati munthu amene ali pansi pa madzi.

Kampani yathu inapeza ntchito yokonza malo kunja kwa mzinda, kumene nyumba zimathera n'kuyamba mchenga, kuti padzakhale mudzi wa makabini. Makabini ndi nyumba zija zachitsulo zimene zimabwera pa lole zitamangidwa kale, zitseko ndi mazenera zili momwemo. Amangozitsitsa n'kuzikhazika pa mabuloko, ndipo tsiku lina akafuna amadzazinyamulanso. Odzakhalamo anali anthu onga ife tomwe: okolopa m'mahotela, alonda, madalaivala. Mliri unali utaonetsa poyera kuti kuunjika anthu m'zipinda ngati matumba a chimanga n'kuitana maliro, choncho eni makampani ankafuna malo otakasuka mwamsanga. Koma nyumba yonyamulika sibwera ndi madzi ake. Madamu ndi amene anapatsidwa udindo wolingalira kuti madzi adzachokera kuti, zam'chimbudzi zidzapita kuti, mawaya adzadutsa pati, ndipo galimoto ya ozimitsa moto idzakhotera pati.

Tsiku lina mnyamata wa m'chipinda choyandikana ndi chathu anapezeka ndi matendawa. Tonse anatiyeza. Ine ndinapezeka wopanda, koma bwana wa ku ofesi anandiimbira n'kundiuza kuti ndisabwererenso ku Umm Ghuwailina, chifukwa ndikadwala ine ndiye kuti adwalanso injiniya, ndipo ntchito iima.

"Ku saiti kuli kabini imodzi yachitsanzo," anatero. "Ukagona momwemo. Masana ndiwe dalaivala, ukaweruka ndiwe mlonda. Khalas."

Khalas ndi liwu lina la kumeneko. Likatuluka m'kamwa mwa bwana ndiye kuti nkhani yatha, palibenso zofunsa.

Ndinatenga chikwama, poto, ndi kasitovu ka gasi. Malowo anali aakulu kuposa mabwalo a mpira angapo kuphatikiza pamodzi, ozunguliridwa ndi mpanda wa malata. Munalibe mtengo ngakhale umodzi, koma mchenga wotuwa, timiyala toyera, ndi tizitsamba taminga tosafika m'mawondo. Pakona ina panali kabini yangayo, thanki ya madzi pa nsanja, ndi jenereta. Kutali kunkaoneka nsanja za mawaya a magetsi zikupita kumene sindinkakudziwa.

Masiku oyamba ndinasangalala, ndisaname. Ndinkagona motambasula miyendo ndi manja. Ndinkaimba nyimbo za kwaya yakwathu mokweza popanda wondiletsa. Ndinkasiya sopo m'bafa n'kumupeza pomwepo. Koma chisangalalo chimenecho sichinakhalitse. Ndikazimitsa jenereta kuti ipumeko, chete wake ankachita kulira m'makutu. Ndinayamba kulankhula ndekha, poyamba mwanthabwala, kenako osazindikiranso kuti ndikulankhula. Lachisanu, tsiku lopuma, ndinkakhala pa sitepe ya kabini kuyang'ana malole akudutsa pa msewu wakutali, ang'onoang'ono ngati nyerere, n'kumaganiza kuti m'kati mwa lililonse muli munthu amene ali ndi kopita.

Mlendo wanga yekhayo anali dalaivala wa bauza, galimoto yonyamula madzi, bambo wa ku Kenya wamtali, woonda. Ankafika, kulumikiza paipi ku thanki, n'kukaima patali masiki ali kukamwa. Tinkapatsana moni mokuwa. Ndinkayesetsa kumuchedwetsa.

"Tiyi ali pamoto, achimwene," ndinkamuuza.

"Kolona, m'bale wanga, kolona," ankayankha akupukusa mutu. Thanki ikadzaza ankapinda paipi yake n'kumapita, fumbi likumulondola.

Ntchito ndi madamu tinkaiyamba dzuwa lisanakwiye. Iwo ankayenda ndi chipewa chachikulu ndi pepala la pulani, ine pambuyo ndi tepi yoyezera, hamala, ndi mtolo wa zikhomo zachitsulo. Pansi pa mchenga uja pali mwala, ndipo zikhomo zambiri zinkapindika zisanalowe. Tikakhoma, ndinkamangirira zingwe ndi kupaka utoto pamitu pa zikhomozo: wabuluu kumene kudzadutse madzi, wofiira kwa magetsi, wachikasu kwa zam'chimbudzi. Patapita masabata, malo onse anali zingwe zokhazokha, misewu ya zingwe, nyumba za zingwe, makhitchini a zingwe. Ndinazolowera moti ndikamayenda ndekha sindinkadumpha chingwe paliponse. Ndinkatsata msewu n'kukalowera pamene padzakhale khomo.

Madamu ankafotokoza zinthu pang'onopang'ono, m'Chingerezi chathu chosakanizasakaniza, ngati akudzikumbutsa okha. Ankati madzi akumwa savuta, ukawakankha ndi pampu amakwera kulikonse. Zovuta ndi zam'chimbudzi, chifukwa zimangodziwa kutsika basi. Malo aja ine ndinkawaona osalala ngati thebulo, koma iwo ndi makina awo oyezera anapeza kuti amapendekera pang'ono chakum'mawa cha kumwera. Mwamwayi, mphepo ya kumeneko imakonda kuchokera kumpoto chakumadzulo, ndiye anaika maenje a zonyansa kumunsi kuja, kuti fungo lizithawira kunja osati kulowa m'nyumba za anthu. Tsiku lina tinazula zikhomo zonse za zimbudzi n'kuzikhomanso mopotoka pang'ono. Nditafunsa, anati ambiri odzakhala pano adzakhala Asilamu, ndipo chimbudzi sichiyenera kuyang'ana kumene iwo amayang'ana popemphera. Iwo eni anali Akatolika, kolona wa pemphero ali m'chikwama, koma zimenezi ankazisamala.

Popeza ndinali munthu woyamba kugona pamalopo, anayamba kundifunsa mafunso. Madzi a mu thanki amatentha nthawi yanji? Fumbi limalowera zenera liti? Foni imagwira bwino mbali iti? Ndinawauza kuti masana madzi a pa mpopi amatha kusupula khungu, moti ndinkatunga m'mamawa n'kusunga m'ndowa m'kati mwa kabini. Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti mapaipi akwiriridwe mozama, ndipo mathanki akhale ndi denga. Nthawi imeneyo n'kuti atasiya kunditchula kuti dalaivala. Ankanditchula kuti kuya, liwu limene kwawo limatanthauza achimwene, ngakhale anali aakulu kwa ine.

M'mawa wina tili kumapeto kwa mzere wa zingwe, anatsitsa pepala lawo n'kundiyang'ana.

"Kuya, ukanakhala kuti udzakhala pano iweyo, ukanafuna pakhale chiyani?"

Chifikireni m'dziko lija palibe amene anali atandifunsapo funso lotere. Bedi ankachita kukulozera, basi yokwera ankachita kukulozera, ndipo iwe umangoti zikomo. Ndinawauza kuti ndiganize kaye. Ndinaganizadi tsiku lonse, ndipo mawa lake tili m'galimoto ndinalankhula kudzera pa pulasitiki ija.

"Madamu, pakhale poyanika zovala. Ndiponso mpopi wapanja."

"M'mabafa mukhala mipopi yambiri," anatero.

"Ndikudziwa. Koma m'bafa munthu amalowa yekha. Kwathu nkhani zimamveka pa mpopi. Munthu ukutsuka mapazi kapena mbale, wina akudikira, ndiye mumayamba kucheza."

Ndinaona pagalasi maso awo akuchepa, ndinadziwa kuti kuseri kwa masiki akumwetulira. Sabata yomweyo tinakhoma zikhomo zabuluu kumapeto kwa mzere uliwonse, ndi zina zinayi kuzungulira, zosonyeza kadenga ka mthunzi.

Sikuti zonse zinkayenda momwe iwo ankafunira. Woimira eni malowo ankabwera nthawi ndi nthawi pa galimoto yaikulu yoyera, ndipo sankatsika. Ankangotsitsa galasi pang'ono, madamu ali chilili padzuwa kumugwirira pulani. Iye ankafuna makabini ochuluka, misewu yopapatiza, mithunzi ichoke. Madamu ankamuuza kuti kabini imodzi ikagwira moto zothinana zonse zipsa, kuti maenje a zonyansa adzadzaza msanga anthu akachuluka, kuti a boma masiku ano akuyendera malo ogona antchito ndipo sangavomereze. Bamboyo ankamvetsera akuseweretsa foni, pomaliza n'kunena kuti, "Inshallah," n'kukweza galasi. Tsiku lina titabwerera m'galimoto madamu anavula chipewa, tsitsi lili chinyowere ndi thukuta, n'kupuma mozama.

"Mawu aja amatanthauza kuti Mulungu akalola," anatero. "Koma bambo uyu akawanena, ndimadziwa kuti ndikajambulanso."

Anajambuladi kambirimbiri. Ine ndinkazula ndi kukhomanso.

Nthawi yomweyo kwathu mkazi wanga anali pa ntchito yomanga nyumba yathu. Malowo anali kunja kwa Lilongwe, cha ku Njewa, ndipo tinawagula ine nditabwera kale ku Doha. Ndinkawadziwa pa zithunzi zokha. Sukulu zinali zitatsekedwa chifukwa cha mliri womwewu, ana athu awiri ali pakhomo, iye akuthamanga pakati pa kaunjika wake kumsika ndi amisiri ku puloti. Mchimwene wake ndiye ankamuthandiza.

Zimene ndinkaphunzira kwa madamu zinandilowa m'mutu. Ndikaweruka madzulo, popeza ndinalibe wocheza naye, ndinkatenga katoni n'kumajambula puloti yathu. Apa chitsime, apa chimbudzi, apa ngalande ya madzi a mvula, apa podzalowera paipi tsiku limene madzi a m'mipopi adzafike kuderalo. Ndinkajambula chithunzi n'kutumizira mkazi wanga, pamodzi ndi mauthenga a mawu ataliatali. Iye ankayankha mwachidule: "Ndamva." Ine ndinkaona ngati ndikumanga nawo.

Tsiku lina pa foni ya vidiyo anandizungulitsa pa puloti kuti ndione pamene afika. Ndinaona dzenje la chimbudzi litakumbidwa kale, mbali ina osati imene ndinajambula.

"Dzenjelo mwaika pamenepo bwanji?" ndinafunsa. "Simunaone pulani ndinatumiza ija? Pamenepo ndi kumtunda. Zonyansa zidzatsikira ku chitsime."

"Si kumtunda kumeneko, bambo."

"Ndikuona ndi maso angawa."

"Mukuona pa foni," anatero, mawu ake ali ozizira. "Ine ndinaima pano mvula ikugwa, ndinaona kumene madzi amathamangira. Amapita uko, kuseri kwa dzenjeko, kukalowa m'dambo. Chitsime chili mbali inayo."

"Koma injiniya amene ndimagwira naye ntchito amati…"

"Injiniya wanuyo anafikapo pano? Nanga inuyo munapondapo?"

Kumbuyo kwake ndinkamva mmisiri akugogoda njerwa, ndi mwana wathu wamng'ono akuitana mnzake. Kenako mkazi wanga anati ali ndi zochita, foni n'kuduka.

Sananame. Sindinapondepo. Sindinkadziwa fungo la dothi lake, sindinkadziwa oyandikana nawo, sindinkadziwa kuti dzuwa limatulukira mbali ya mtengo uti. Malo okhawo padziko amene ndinkawadziwa chikhomo ndi chikhomo anali mchenga wa eni ake, womangira anthu amene sindidzawaona. Masiku otsatira sindinamuimbire, nayenso sanaimbe. Si kuti tinadana. Ndinkangosowa poyambira.

Madamu anazindikira kuti sindili bwino, chifukwa ndinakhoma chikhomo chofiira pa mzere wa madzi. Anandifunsa, ndipo ndinawafotokozera. Tinali titakhala pamthunzi wa galimoto, motalikirana, aliyense ndi botolo lake la madzi.

"Inenso ndinamanga nyumba kwathu," anatero. "Pulani ndinajambula ndekha, mpopi uliwonse, soketi iliyonse. Ndinatumiza kwa amuna anga ndi mng'ono wanga. Nditapita ku tchuthi ndinapeza khitchini ili mbali ina."

"Munatani?"

"Ndinalowa kuchipinda n'kulira. Nditatuluka ndinakaphika m'khitchini momwemo. Mng'ono wanga anati anaisuntha kuti azitha kuona ana akamasewera panja. Ana anga, kuya. Iye ndi amene ankawaona, osati ine." Anamwa madzi. "Mwana wanga wamkazi akadwala amaimbira mng'ono wangayo. Ine amandiuza atachira."

Tinanyamuka kukakonza chikhomo chija.

Sabata yomweyo, Lachinayi madzulo nditawatula madamu, kunabwera chimphepo cha mchenga. Kumwamba kunasanduka kofiirira, mpanda wa malata unayamba kulira ngati ng'oma, ndipo kabini inkagwedezeka pa mabuloko ake. Mchenga unkalowa pansi pa chitseko, m'mano, m'mphika. Jenereta inatsokomola kangapo n'kuzima, makina oziziritsa m'nyumba n'kuzima nayo. Kutacha mphepo inachepa, koma jenereta inakana kudzuka ngakhale ndinaichotsa mchenga paliponse pamene ndinkatha kufika. Foni inali itatha moto. Ndinati ndikaitchaje m'galimoto, koma nayo batire inali itafooka, inangolira kamodzi n'kusiya.

Linali Lachisanu, palibe amene akanabwera. Kabini yachitsulo yopanda choziziritsa imasanduka uvuni. Ndinanyowetsa chitenje chimene mkazi wanga anandiikira m'chikwama pobwera, n'kudzifunditsa, n'kukagona pansi pa nsanja ya thanki pamene panali kamthunzi. Kuchokera pamenepo ndinkaona mudzi wathu wa zingwe utaphwasuka, zingwe zina zitakoledwa pa mpanda, zikhomo zina zitakwiririka. Ndinaganiza kuti ndikafera pano, uthenga udzafika kwathu patapita masiku, ndipo mawu anga omaliza kwa mkazi wanga adzakhala a dzenje la chimbudzi. Ndinaseka ndekha, kenako misozi inatuluka, ndipo sindinaipukute popeza panalibe woiona.

Loweruka m'mawa ndinamva kulira kwa bauza. Ndinathamangira ku geti. Bambo wa ku Kenya uja atandiona anaima osatsika, n'kundiyang'anitsitsa. Sindikudziwa kuti ndinkaoneka bwanji. Anatsegula chitseko cha mbali inayo.

"Kwera," anatero.

"Nanga kolona?"

"Kwera iwe."

M'kati munali kuzizira kokoma. Analumikiza foni yanga ku chaja yake, n'kunditsanulira tiyi wamkaka wa mu fulasiki, n'kundigawira chapati imene anakulunga m'nyuzi. Anatsitsa masiki kuti amwe, ndipo aka kanali koyamba kuona nkhope yake yonse. Anali ndi mpata pakati pa mano. Anandiuza kuti kwawo ali ndi ng'ombe ziwiri ndi mwana amene anabadwa iye atachoka. Miyezi yonseyo ndinali ndisanakhale pafupi chotero ndi munthu popanda pulasitiki pakati. Phewa lake linkangotsala pang'ono kukhudza langa, ndipo ndinkamwa tiyi uja pang'onopang'ono kuti asathe msanga.

Foni itayaka, panalowa uthenga wa mkazi wanga. Chinali chithunzi cha khoma lofika m'chiuno, ndi felemu la zenera litatsamira pa njerwa. Pansi pake analemba kuti: "Zenera la kuchipinda kwathu tiike mbali iti? Izi munene ndinu."

Ndinamuyankha kuti aike kumene iye akuona kuti kumalowa mphepo yabwino. Anandiyankha kuti mbali zonse ziwiri n'zabwino, ndisankhe. Ndinasankha ya kum'mawa.

Tinamanganso zingwe zonse ndi madamu. Zinatitengera masiku, chifukwa nyengo yotentha lamulo sililola kugwira ntchito panja dzuwa lili paliwombo.

Chakumapeto kwa chilimwe chimenecho kunamveka nkhani yoti lamulo la ntchito lasintha. Kale munthu sunkatha kuchoka pa kampani kupita ina popanda kalata yachilolezo ya bwana wako, ndipo mabwana ambiri sankaipereka. Tsopano ankati kalatayo siyofunikanso. Pa gulu lathu la Amalawi la pa foni, mauthenga ankagwa ngati matalala. Mnzanga wina wa m'chipinda chathu chakale anandiimbira.

"Amwene, mwamva? Pano ndi kungoaplaya pa foni pompo, kupereka notisi, basi mwatransifa. Mafi mushkila, palibe vuto. Mukudikira chiyani kuchipululuko?"

Koma bambo wina wachikulire, mlonda amene anatilandira ambirife titangofika, anatenga foniyo n'kunditsitsa mtima.

"Mwana wanga, musathamange. Lamulo latuluka, inde, koma mabwana ndi omwe aja. Pezani kaye kolowera musanatseke chitseko."

"Ndamva, bambo," ndinatero. "Ndidzachita monga mwanenera."

Woyamba kuchoka sanali ine. Anali madamu. Anandiuza tili m'galimoto, tikuyandikira geti la ku saiti, kuti apeza ntchito ku kampani ina imene inalonjeza kuwalola kupita kwawo chaka chilichonse. Tsiku lawo lomaliza anayenda malo onse, mzere ndi mzere, osanyamula pepala. Ine ndinkawatsatira ngakhale panalibe chokhoma. Anandiuza kuti pulani yavomerezedwa. Makabini anawonjezedwa pang'ono, mithunzi ina inachotsedwa, koma misewu inatsala yotakata, ndipo mipopi yapanja inatsala.

Nditawafikitsa ku Al Messila anatsika n'kuima pa zenera langa. Kugwirana chanza kunali koletsedwa. Anaika dzanja pachifuwa, nanenso ndinatero.

"Uzimwa madzi ambiri, kuya," anatero. Analowa pa geti, ndipo wantchito wa m'munda amene ankathirira maluwa analitseka.

M'malo mwawo munabwera injiniya wachinyamata amene ankadziyendetsa yekha. Ine ndinatsala mlonda chabe. Kunabwera makina oswa miyala, ndi mabasi a anthu okumba amene ankafika m'mamawa n'kubwerera madzulo. Zingwe zinasanduka ngalande, m'ngalandemo munagona mapaipi akuda ndi mawaya okhuthala ngati mkono. Masana kunali phokoso ndi anthu ambirimbiri, koma aliyense anali ndi gulu lake ndi chilankhulo chake, ndipo basi yomaliza ikatuluka ndinkakoka geti n'kutsala monga kale. Pena ndinkafuna kuuza wina kuti ngalande iyi inali mbali ina poyamba, tinaisuntha chifukwa chakutichakuti. Panalibe amene zikanamukhudza.

Tsiku loyesa madzi, injiniya uja anandituma kukaima pa mpopi wakumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpanda, kuti madzi akafika ndimuimbire. Ndinatsegula n'kudikira. Kwa nthawi yaitali kunalibe kanthu. Kenako paipi inayamba kupuma ngati munthu wotopa, inatsokomola, inalavula matope ofiira, ndipo pambuyo pake panatuluka madzi oyera, ozizirira bwino chifukwa anayenda pansi penipeni. Ndinakuwa, koma anthu onse anali kutali ku mathanki. Ndinaimba foni.

"Afika, bwana!"

"Chabwino. Tseka," anatero, n'kudula.

Sindinatseke nthawi yomweyo. Ndinasamba kumaso, ndinavula nsapato n'kutsuka mapazi. Ndinajambula madziwo akutuluka n'kutumizira madamu. Anayankha mawa lake ndi kachithunzi ka chala chachikulu, ndi mawu akuti ali pa ntchito yambiri. Ndinamvetsa.

Pamenepo n'kuti nditapeza kale ntchito pa hotela ina ku Al Dafna, yoyendetsa alendo. Ndinapereka notisi. Bwana wa ku ofesi anakwiya, anandiopseza, anachedwetsa mapepala, koma pomaliza zinatheka. Sabata imene ndinkachoka ndi imene malole anayamba kubweretsa makabini, kuwatsitsa imodziimodzi pamalo pamene ndinkadziwa kuti apa ndi pakuti. Anali asanalowemo anthu. Zitseko zinali zokutidwabe ndi mapepala.

Wodzalowa m'malo mwanga anali bambo wa ku Ghana wamsinkhu wanga, wongotuluka kumene ku m'bindikiro wa obwera kuchokera kunja. Yunifolomu yake inali ikadali ndi mizere ya m'paketi. Ndinamuonetsa mmene jenereta imadzukira, ndinamuuza kuti azitunga madzi m'mamawa, kuti foni azikhala ataitchaja nthawi zonse, ndipo akaona kumwamba kukufiira atseke pansi pa chitseko ndi nsanza yonyowa. Ankangogwedeza mutu, maso ali pa mizere ya makabini opanda anthu aja.

"Kuno kumagona anthu ena?" anafunsa.

"Akubwera," ndinamuuza. "Sachedwa. Wa bauza akabwera uzimupatsa moni, ndi munthu wabwino."

Ndinamusiyira poto ndi kasitovu, popeza ku hotela ankati chakudya n'chapomwepo. Ndinapempha dalaivala wa lole ina imene inali itatsitsa katundu wake kuti anditengeko mpaka m'tauni. Anali bambo wandevu zoyera, wa ku Pakistan, ndipo sitinkamvana chilankhulo. Anasuntha mabotolo pa mpando kuti ndikhale, anayatsa nyimbo zakwawo, ndipo tinayenda choncho mpaka nyumba zitalizitali zija zinayamba kuoneka m'fumbi. Atafika pa maloboti ena anaima n'kundilozera siteshoni ya sitima, ndipo ndinatsika ndi chikwama changa.